Ndingaphunzitse Bwanji za Uchigawenga Popanda Kugawanitsa Kalasi?

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Sabata yatha ndinayamba kuphunzitsa ana a Fomu 4 za uchigawenga ndi momwe maboma amalimbanirana nawo. Nditafotokoza za chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America, chomwe chinapha anthu pafupifupi 3,000, mnyamata wina wokhala kumbuyo anafuula kuti zigawenga zonse ndi Asilamu, ndipo mtsikana wovala hijabu, amene nthawi zonse amathamangira kuyankha mafunso, anangozyolika mpaka belu linalira. Ndinamudzudzula mnyamatayo, koma sindinamuyankhe mogwira mtima.

Ndaganiza zowauza za bomba lomwe Timothy McVeigh, nzika ya America yomweyo yemwe sanali Msilamu, anaphulitsa ku Oklahoma City mu 1995 n'kupha anthu 168, komanso za ku Cabo Delgado ku Mozambique, komwe kuyambira 2017 Asilamu ambiri nawonso aphedwa kapena kuthawa m'midzi mwawo.

Kodi inu mumayamba ndi chitsanzo chiti? Nanga pokamba za lamulo la ku America lolimbana ndi uchigawenga lotchedwa Patriot Act, kapena asilikali a SADC ndi Rwanda amene anapita ku Mozambique mu 2021, mumawathandiza bwanji ana kuzindikira pamene boma, pofuna kuteteza anthu, layamba kuphwanya ufulu wawo?