Funso: kodi kulowa gulu lothandiza timu ya hockey ya pa yunivesite kuli ndi phindu lolingana ndi ndalama zake?

Wofunsa, Minnesota

Abale ndi alongo a pagulu lino, ndikupereka moni kwa nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu mwakachetechete kwa zaka zingapo, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yatisiyanitsa maganizo ndi mayi akunyumba, ndipo popeza safunsa anadya phula, ndaona kuti ndi bwino ndimve kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku America.

Ndimakhala m'tauni ina ya yunivesite ku Minnesota, kumene ndimagwira ntchito ya unamwino. Mwana wathu wa zaka 13 anabadwira konkuno, ndipo masewera amene anamulowa m'magazi ndi hockey ya pa ayezi, osati mpira wa miyendo umene ine ndinakula nawo. Iye ndiye anandikokera ku bwalo la yunivesite nyengo yapitayi. Tsiku loyamba sindinaone n'komwe kachimpira kakuda kaphwatalala kamene amakatcha puck, ndinkangomva kulira kwake kakamenya mpanda, kenaka lipenga ndi anthu onse kuimirira, ine n'kumafunsa mwana kuti chachitika n'chiyani. Pofika mwezi wa February ndinali nditazolowera moti ndinkadziwa kuti pa nthawi yopuma, pamene galimoto ya Zamboni ikusalaza ayezi, ndi pamene munthu ayenera kuthamangira khofi mzere usanatalike.

Tsopano mnzanga wa kuntchito, mayi wachikulire amene wakhala akuchemerera timuyi kwa zaka zambiri, wandipatsa fomu yoti ndilowe gulu la othandiza timu limene kuno amalitcha booster club. Pa fomupo pali magawo atatu, la madola 100, la madola 300 ndi la madola 1,000 pa chaka. Gawo lapakati, limene ndalikonda, limapatsa munthu malo oimikapo galimoto pafupi ndi khomo, mwayi wodya nkhomaliro ndi mphunzitsi wa timu masiku ena a Lachisanu, chipinda chofundamo pa nthawi yopuma, mpando m'basi ya masapota timu ikamakasewera koyenda ngati munthu walipira ulendowo, ndi phwando lotsekera nyengo. Matikiti a masewera sali m'kati mwa ndalamazi, amagulidwa paokha.

Mayi akunyumba akuti madola 300 ndi fizi ya mwana wa mlongo wawo kumudzi kapena matumba a feteleza, ndipo sakuona chifukwa chopereka ndalama ku yunivesite imene ili kale ndi chuma. Sindikuwatsutsa kwenikweni. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti kodi umembala woterewu umabweza chilichonse chooneka, kodi ndalamazi zimachepetsa msonkho monga mnzanga uja akunenera, ndiponso kodi ndikakhala membala ndingathe kuitana osewera awiri kapena atatu kunyumba kudzadya nsima, popeza ambiri mwa iwo ndi ana ochokera kutali ndipo mwana wanga angasangalale kwambiri.

Bambo wina, North Dakota

Achimwene, funso loyamba limene muyenera kudzifunsa si la nkhomaliro kapena la phwando, koma lakuti kodi bwalo lanulo limadzaza kapena ayi. Kuno ku Grand Forks bwalo la Ralph Engelstad Arena, limene linatsegulidwa mu 2001 ndi ndalama zoposa madola 100 miliyoni zimene anapereka munthu mmodzi amene kale anali goloboyi wa timuyo, limalowa anthu oposa 11,000, ndipo timu itapambana zikho 8 za dziko lonse anthu amalimbirana mipando. Pamalo otere zopereka zimasanduka mapointi, ndipo mapointiwo, pamodzi ndi zaka zimene munthu wakhala akupereka mosadukiza, ndiwo amanena amene ayambe kusankha mpando ndiponso amene apeze matikiti timu ikafika mu mpikisano wa matimu 16 wa NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite ku America. Pamenepo umembala uli ndi mtengo weniweni.

Koma ngati kwanuko mumafika Loweruka madzulo n'kugula tikiti pakhomo mopanda vuto, ndiye kuti mapointiwo sakugulirani kanthu. Chotsala ndi malo oimikapo galimoto, ndipo chimenecho musachipeputse, pakuti kuyenda mtunda wautali usiku wa mu January mphepo ikuwomba pa chipale chofewa si chinthu chimene munthu wobadwira kwathu amachizolowera. Werengani masewera a pakhomo amene mudzapitedi pakati pa October ndi March, poganizira mashifiti anu a kuchipatala, muchulukitse ndi mtengo woimika galimoto, ndipo muona nokha gawo la madola 300 limene likubwerera m'thumba.

Mayi wina, Indiana

Bambo, ine ndimagwira ntchito yowerengera anthu misonkho, ndipo ndikupemphani kuti nkhani ya msonkhoyi musaimve mwachidule monga mnzanuyo anainenera. Kale munthu akapereka ndalama ku yunivesite kuti apeze ufulu wogula mipando yabwino, ankaloledwa kuwerengera magawo 80 pa 100 alionse a ndalamazo ngati mphatso yochepetsa msonkho. Lamulo la misonkho la mu 2017 linathetsa zimenezo kuyambira mu 2018, kotero ndalama yomangiriridwa ku ufulu wa mpando siwerengedwanso. Anthu achikulire ambiri akadalankhulabe za dongosolo lakale lija chifukwa ndi limene analizolowera.

Mphatso yeniyeni, yopanda mpando kumbuyo kwake, ikhoza kuwerengedwa ngati gululo linalembetsedwa ngati bungwe la 501(c)(3), kutanthauza bungwe losapanga phindu lovomerezedwa ndi a misonkho, kapena ngati ndalama zikudutsa ku thumba la yunivesite, koma mtengo wa zimene mwalandira, monga chakudya cha paphwando, umachotsedwa kaye. Mukapereka ndalama zoposa madola 75 n'kulandirapo kanthu, bungwelo liyenera kukulemberani mtengo wa chimene mwalandiracho, ndipo mphatso ya madola 250 kapena kuposa imafuna kalata yotsimikizira. Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, pa madola 300 chimene mungapulumutse n'chochepa kwambiri, moti sichiyenera kukhala chifukwa chimene mukawauze mayi akunyumba.

Bambo wina, Michigan

Ndiyankhepo pa za nsima, chifukwa m'pamene mtima wabwino wa kwathu ungakupalamulitseni. M'malamulo a NCAA munthu amene walowa gulu lotere, kapena wapereka ndalama ku masewera a yunivesite, amaonedwa ngati woimira zofuna za timuyo, ndipo dzina limenelo silichoka ngakhale mutasiya kulipira chaka chamawa. Kuyambira pamenepo simuloledwa kupatsa wosewera zinthu zimene ophunzira ena sapatsidwa, monga ndalama za m'thumba, ngongole, kumubwereka galimoto kapena kumugulira tikiti ya ndege, ndipo simuloledwanso kunyengerera mwana wa kusekondale kuti adzasewere pa yunivesite yanuyo. Mukalakwitsa, amene amalangidwa kwambiri ndi mwanayo ndi timu, osati inu.

Chakudya cha apo ndi apo cha kunyumba chimaloledwa, koma muyenera kuyamba mwapempha ku ofesi ya yunivesite imene imaona za kutsata malamulo a masewera, ndipo iwo ndiwo anene ngati n'zotheka ndi kangati. Kwathu mlendo sapemphedwa kalata asanasambe m'manja, ndipo ine ndinaseka pamene ndinauzidwa kuti ndilembe fomu ya mphika wa nkhuku, koma ndinalemba, anyamata anabwera, ndipo mmodzi wochokera ku Canada anapempha mtanda wachiwiri. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwapakirira kamba kapena kuwapatsira kenakake m'manja potsanzikana monga timachitira ndi ana a abale.

Mayi wina, Massachusetts

Ine ndiima ndi mayi akunyumba kwanu, ndipo mundikhululukire ngati ndilankhule mosapsatira. Masewera a m'mayunivesite akuluakulu asintha kwambiri. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, ndipo mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, ndipo mgwirizanowo ukulola yunivesite kugawana ndi osewera ake ndalama zokwana pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. N'zoona kuti zambiri mwa ndalamazo zikupita ku mpira wa chiamerika ndi basketball, ndipo si mayunivesite onse amene angazikwanitse, komabe m'nyanja yoteroyo madola 300 a namwino ndi dontho.

Ndinakhalapo membala wa gulu lina lotere kwa zaka ziwiri, ndipo sindinaonepo lipoti la msungichuma ngakhale kamodzi. Nditafunsa pa msonkhano kuti ndalama za chaka chatha zinagula chiyani, wapampando anangoyankha kuti zinathandiza timu, anthu n'kuwomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene munakhalapo m'makomiti a masapota kwathu mukudziwa kuti yankho loterolo si lachilendo. Komanso mwana wanu akusewera yekha, ndipo nsapato za pa ayezi, ndodo zimene zimathyoka, chisoti ndi kulipira nthawi ya bwalo zidzakudyerani ndalama zochuluka m'zaka zikubwerazi. Ngati mtima wanu ukufunadi kuthandiza ophunzira, funsani ngati pa yunivesitepo pali timu ya kalabu ya mu ACHA, bungwe la matimu a hockey a ophunzira amene sali mu NCAA, pakuti kumeneko osewera amadzilipirira okha ndipo madola 300 amaoneka pa mafuta a basi.

Bambo wina, Alaska

Amayi a ku Massachusetts anena zoona pa za lipoti, koma pa za dontho m'nyanja ndisiyana nawo, chifukwa hockey si mpira wa chiamerika. Matimu a amuna a gawo loyamba la NCAA angopitirira pang'ono 60, ndipo ambiri ali m'mayunivesite aang'ono kumene masewerawa amadya ndalama zambiri kuposa zimene amabweretsa. Kuno ku Anchorage akuluakulu a yunivesite analamula mu 2020 kuti timu ya hockey ithe pokhapokha patapezeka madola 3 miliyoni. Masapota, osewera akale ndi mabizinesi anasonkha ndalamazo, timu ya Seattle Kraken inathandizapo, ndipo timuyo inabwerera pa ayezi m'nyengo ya 2022 mpaka 2023. Ku Robert Morris University, pafupi ndi Pittsburgh, matimu a amuna ndi akazi anathetsedwa mu May 2021 ndipo anabwezeretsedwa pambuyo pa sonkhasonkha ya mtundu womwewo.

Sindibisa kuti nthawi zina sonkhasonkha sipulumutsa. Ku Alabama Huntsville anthu anasonkha madola oposa 500,000 m'masiku ochepa mu 2020, timu inasewera nyengo imodzi, koma inaimitsidwanso mu 2021 chifukwa inalibe ligi yoilandira. Komabe chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti tsiku la mavuto litafika, amene anali ndi mndandanda wa mayina, manambala a foni ndi chizolowezi chokumana anali a gulu lothandiza timu lomweli, anthu omwe aja amene chaka chonse amaoneka ngati ongodya nkhomaliro ndi mphunzitsi. Akuluakulu a yunivesite akamaganiza zodula timu amawerenganso anthu amene angadzaime pakhomo pawo, osati madola okha.

Mayi wina, Wisconsin

Ndiwonjezerepo funso limodzi loti mukawafunse, lakuti kodi gululo limathandiza timu ya amuna yokha kapena ya akazi yomwe. Mpikisano wa NCAA wa akazi unayamba mu 2001, ndipo woyamba kuupambana anali Minnesota Duluth ya kwanu komweko, koma matimu a akazi nawonso amatha kugwa ndalama zikavuta, monga zinachitikira ku North Dakota mu 2017. Lamulo la Title IX la mu 1972 limafuna kuti yunivesite isamalire amuna ndi akazi mofanana ngakhale ndalamazo zitachokera kwa masapota, kotero gulu loyendetsedwa bwino limadziwa yankho la funsoli popanda kuzengereza.

Wofunsa, Minnesota

Ndathokoza kwambiri nonse, ndipo ndawawerengera mayi akunyumba mayankho onse, kuphatikizapo amene akuwaikira kumbuyo, amene anapempha kuti ndiwawerenge kawiri. Ndatsata malangizo a bambo a ku North Dakota, ndipo ndapeza kuti bwalo lathu limadzaza pokhapokha pakabwera timu ina ya mu Minnesota momwemo, ndiponso kuti mashifiti anga angandilole masewera osapitirira 8. Pa chiwerengero chimenecho malo oimikapo galimoto sakubweza ngakhale theka la kusiyana kwa gawo la madola 100 ndi la madola 300, ndipo nkhomaliro ya Lachisanu imagwa pa nthawi imene ndimakhala ndili m'wodi.

Dzulo ndinamufunsa mnzanga uja za lipoti la ndalama, ndipo m'mawa uno wandibweretsera pepala limodzi losonyeza kuti zopereka za chaka chatha zinagula makina onolera nsapato za pa ayezi, chakudya cha osewera pa maulendo, ndi gawo la fizi ya maphunziro a m'chilimwe. Za timu ya akazi sanathe kuyankha, koma walonjeza kuti akafunsa pa msonkhano wa komiti wa mwezi uno, ndipo wandiitana kuti ndikakhale nawo ndisanalipire kalikonse.

Tagwirizana kunyumba kuti ngati msonkhanowo ukandikhutiritse, nditenga gawo la madola 100 kwa chaka chimodzi, ndipo madola 200 otsalawo apita ku fizi ya mwana wa kumudzi uja. Bambo a ku Michigan, ndikupemphani mundiuze ngati fomu ya chakudya ija imalembedwa ndi ine kapena ndi mphunzitsi wa timu, ndiponso masiku angati chakudyacho chisanachitike, pakuti mwana wanga wayamba kale kusankha osewera amene akufuna kuti adzakhale pa mkeka wathu, ndipo woyamba pa mndandanda wake ndi goloboyi.