Za kukazinga khofi ndi Arduino zija zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingayezere kutentha pokazinga khofi kunyumba kuno ku Nkhotakota. Paja ndinkangodalira maso ndi mphuno, khofi n'kumapserera.

Ndinatsata malangizo a achimwene ena amene anati ndisathamangire zoti makina aziyendetsa okha moto, ndiyambe ndi kuyeza basi. Ndinaitanitsa Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kamene umakalembera malangizo wekha), thermocouple ya mtundu wa K (waya woyezera kutentha) ndi kabolodi ka MAX6675 kotumiza muyezowo ku Arduino. Poto ndi yomwe ndimakazingira kale, pambaula ya makala. Ndinangoboola chivundikiro n'kulowetsapo nsonga ya thermocouple.

Tsiku loyamba ndinadabwa: makala akuyaka bwinobwino, koma nambala ikutsika! Kulakwa kunali kwanga, ndinatembenuza mawaya awiri a thermocouple. Nditakonza, nambala inangoima malo amodzi. Kabolodi kameneka kamafuna pafupifupi kota ya sekondi kuti kamalize kuyeza, ndiye mukamakafunsa mowirikiza kamangobwereza nambala yakale. Panopa ndimawerenga kamodzi pa sekondi.

Nsonga ija izikhala pakati pa njere, isamakhudze chitsulo cha poto, apo ayi muziyeza poto osati khofi. Njere zimayamba kuthetheka ngati mbuliwuli cha m'ma digiri 196 Celsius, koma kwa ine zimathetheka pa 203. Musavutike nazo, malo a nsonga ndi amene amasinthitsa. Lembani nambala yanu m'kope, muziyendera yomweyo.

Khofi wa ku Mzuzu amene ndinakazinga Loweruka, mayi a kunyumba anamwa osathira shuga wambiri. Magetsi akathima ndimalumikiza Arduino ku power bank. Za relay (switchi yoti Arduino iziyatsira ndi kuzimitsira magetsi) ndi chotenthetsera cha magetsi ndidikira mmisiri, mavoti 230 sindiseweretsa.