Gulu la Mbumba: za kapamba wa amayi

Nachisale (Lilongwe): Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira zija zatuluka. Adokotala a ku Central akuti amayi ali ndi myelofibrosis. Ndinachita kuwapempha kuti andilembere papepala.

Malume (Santhe): Tamasulira mwana wanga. Ife tikungodziwa kuti kapamba watupa.

Nachisale: Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, malume. Mwa amayi mwachita zipsera, ndiye magazi akupangika ochepa. Kapamba wasenza ntchito yopanga magaziyo, n'chifukwa chake wakula mpaka kupanikiza chifu. Mukukumbukira pa Khirisimasi anangodya mbamu zitatu n'kusamba m'manja? Ife tinkati ndiwo sizinawakomere. Zimandiwawa ndikakumbukira.

Azakhali (Chamama): Kalanga ine alamu anga! Nanga thukuta la usiku lija ndi kuonda? Kuno anthu akuti ndi TB, ena aleka kukawaona. Tiwapatulire mbale?

Nachisale: Ayi azakhali, sapatsirana. Zonsezo ndi za matenda omwewa. Anawapeza ndi kusintha kwa jini (kachidziwitso ka m'maselo a thupi kolamulira mmene amagwirira ntchito) yotchedwa JAK2, komwe kumapezeka mwa odwala oposa theka. Kumachitika munthu atabadwa kale, nthawi zambiri atapitirira zaka 50.

Malume: Ine ndinapangana ndi munthu woti akawateme mphini pamimbapo Loweruka. Kapamba timatero kuyambira kale.

Bambo a Chisomo (Joni): Pepani malume, ndikugwada. Lumo lisawakhudze. Achemwali anandiuza kuti tizigawo toundanitsa magazi tawo tatsika. Akatemedwa, magazi sasiya msanga, ndipo alipo kale ochepa. Uyu si kapamba wa malungo.

Malume: Ndamva. Ndimuuza asabwere. Koma achira?

Nachisale: Ndisakunamizeni. Chochiritsiratu n'kuwaika maselo a m'mafupa a munthu wina, koma pa zaka 71 adokotala akuti n'zoopsa. Awayambitsa mankhwala otchedwa hydroxyurea kuti kapamba aphweko. Palinso ruxolitinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2011, koma ndi wodula zedi. Chachikulu pano n'kuwaonjezera magazi akatsika, ndi kusaphonya tsiku lawo lokaonana ndi adokotala.

Mayi a Tadala (Kasungu boma): Ndiye tonse athanzi tikapereke magazi ku Malawi Blood Transfusion Service. Ine ndi ana anga awiri tayamba sabata ino.

Bambo a Chisomo: Thiransipoti ya ku Lilongwe ikhale yanga mwezi ndi mwezi. Ndizitumiza kwa mayi a Tadala. Enanu musonkhe ya chakudya cha gadiyani.

Azakhali: Ugadiyani ndiyamba ine. Fodya ndagulitsa kale, manja ali pachabe.

Mayi a Tadala: Minibasi ya pa M1 ija imawagwedeza, ulendo watha anafika atagwira kumanzere, nthiti zikuwawa. Ndilankhula ndi aneba a galimoto, mpando wakutsogolo ukhale wawo.

Malume: Nanga eni akewo mwawauza?

Nachisale: Sindinawauze zonse. Dzulo amafunsa za mtedza wawo wosakumba. Pafoni sindingathe, malume. Ndibwera Lachisanu, tikakhale nawo pakhonde inu mulipo.

Malume: Bwera. Mtedzawo anyamata akumba mawa.