Mazira aswa koma piebald sanaoneke: ndilembe chiyani pa mabokosi a ana?

A Zuze, Nchalo:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru pa ana a njoka ya ball python (mtundu wa nsato yaing'ono) amene aswa kwathu sabata yathayi. Yaimuna ndi pastel (ya khungu lowala) het piebald (kutanthauza kuti ili ndi mbewu ya piebald, ya zigamba zoyera pathupi, koma siionetsa), ndipo sindiikayikira chifukwa mayi wake ndinamuona ndi maso anga, anali piebald woyera kuyambira pakati mpaka kumchira. Yaikazi ndi yamtundu wamba, koma amene anandigulitsa anandilembera kuti ndi het piebald. Inaikira mazira asanu ndi awiri, limodzi linawola, ndipo mwa ana asanu ndi mmodzi amene aswa, anayi ndi pastel, awiri ndi wamba, piebald palibe ngakhale mmodzi. Kodi ndinaberedwa? Chachiwiri, pali kamwana kena kamene mawanga ake a kumsana alumikizana kukhala mzere umodzi, ndipo kali ndi kamphete koyera pafupi ndi mchira. Ndikuganiza kuti ndi mtundu watsopano, moti ndimafuna kuutcha Mbona kuti dzina la kwathu kuno limveke.

Mayi Chakanza, Bangula:
Achimwene, musafulumire kumutcha wakuba munthuyo, chifukwa masamu sakukuvomerezani. Piebald ndi mbewu yobisala, imene imaonekera pokhapokha mwana akailandira kwa bambo ndi kwa mayi komwe. Makolo onse awiri akakhala het, dzira lililonse lili ndi mwayi umodzi mwa inayi wotulutsa piebald, ndipo mwayiwo umayambiranso pa dzira lililonse, osati kuti mazira anayi akakwana ndiye kuti limodzi likhala piebald basi. Mukachulukitsa magawo atatu mwa anayi kasanu ndi kamodzi, mupeza kuti pa maulendo 100 otere, pafupifupi 18 amatha opanda piebald ngakhale makolo onse ali het enieni. Ine zinandichitikirapo ndi albino: chaka choyamba sindinaone kanthu, ndinangotsala pang'ono kuigulitsa yaikaziyo, koma chaka chotsatira inandipatsa awiri achikasu a maso ofiira. Za pastel musadabwe nazo, popeza imeneyo imaonekera ngakhale yachokera kwa kholo limodzi, ndipo anayi mwa asanu ndi mmodzi sali kutali ndi theka limene timayembekezera.

A Alufandika, Ngabu:
Ndikugwirizana ndi mayi, koma ine nkhawa yanga ili pa zimene mulembe, chifukwa ndi pamene timadana ndi makasitomala. Ambiri akanalemba 66% het piebald pa ana onsewo, potengera lamulo lakuti mwa ana atatu alionse osaonetsa piebald obadwa kwa het awiri, awiri amakhala ndi mbewuyo. Lamulo limenelo ndi loona pokhapokha makolo onse atatsimikizika, pamene inu umboni muli nawo wa bambo yekha. Ngati njoka yaikaziyo ilibe mbewu, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka kuchokera kwa bambo, ndiye chimene mungalembe osanamiza munthu ndi 50% het piebald, ndipo mtengo wake utsatire zomwezo. Wogula amene adzasunge kamwanako zaka zitatu, akukagulira makoswe sabata ndi sabata, nkudzapeza kuti kalibe kanthu, adzabwera pakhomo panu osati pa munthu amene anakugulitsani mayiyo.

A Zuze, Nchalo:
Ndamva, bambo, ngakhale mtengo utsika ndithu. Nanga kamphete kaja si umboni wakuti kameneka nka het? Ndatembenuzanso ana awiri ndipo ali ndi mizere iwiri yakuda m'mbali mwa mimba cha kumchira, imene anthu amati ndi chizindikiro cha piebald.

A Alufandika, Ngabu:
Mizere imeneyo ndi kamphetekonso zimapezeka kawirikawiri pa het piebald, nzoona, koma zimaonekanso pa njoka zimene zilibe mbewuyo, ndipo pali het enieni amene mimba zawo ndi zoyera mbee. Zikuthandizeni posankha ana oti musunge nokha, koma musazilembe ngati umboni. Njira yothetsera mkangano wa mayiyo ndi kumuphatikiza ndi yaimuna ya piebald yooneka. Ngati ali het, theka la ana liyenera kutuluka piebald, ndipo mwayi woti mazira asanu ndi limodzi onse aphonye ndi umodzi mwa 64. Yanga ndikhoza kukubwerekani, bola mayiyo ayambe wabwerera m'thupi, adutse magalamu 1,500, chifukwa kuikira kumamudya kwambiri. Kumbukirani kuti yaikazi imatha kusunga umuna wa chaka chatha, choncho mwana wa pastel akadzatulukamo mudzadziwe kuti ndi wa bambo woyamba uja. Zimenezo sizisokoneza kuyesa kwathu, popeza piebald mmodzi yekha, kaya bambo wake ndi uti, akwanira kutsimikiza mayiyo.

Mayi Chakanza, Bangula:
Ilipo njira yachidule kwa amene ali ndi ndalama. Ofufuza a ku McGill University ndi University of Georgia anafalitsa mu 2023 kuti piebald imachokera ku kusintha kwa kachigawo ka DNA kotchedwa tfec, ndipo masiku ano ku America amayeza khungu lofundula nkunena ngati njoka ili het. Khungu lotere mumangoliumitsa nkuliika mu envelopu, koma popeza ball python ili pa ndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyendetsa malonda a nyama zakutchire, muyambe mwafunsa a nthambi yoona za nyama zakutchire musanatumize kanthu kunja. Tsono za kamwana ka mzere kaja, ndikufunseni kaye: m'chofungatira mwanu munkatentha bwanji mu Okutobala?

A Zuze, Nchalo:
Ndinachitchera pa madigiri 31, koma masana ena thermometer inkafika 35, makamaka magetsi akazima, fani nkuima. Chipindacho nchamalata, ndipo masiku amenewo panja pankadutsa 40.

Mayi Chakanza, Bangula:
Ndiye pamenepo mpamene ndikukayikira. Mabuku a anzathu a kumaiko ozizira amangokamba za kutenthetsa mazira, pamene ife kuchigwa kuno ntchito yathu ndi kuwaziziritsa. Mazirawa amafuna madigiri 31 mpaka 32 kwa masiku 55 mpaka 60, ndipo kutentha kukamakwera ndi kutsika, ana ena amatuluka ndi mawanga osokonekera kapena msana wopindika, zimene sizipita kwa ana awo. Mukasisite kamwanako ndi chala pang'onopang'ono kuyambira pakhosi mpaka kumchira, mumve ngati pali pokhota. Ine chofungatira ndinachitsitsa pa simenti m'chipinda cha pakati, ndipo m'munsi mwake ndinadzazamo mabotolo a madzi kuti kutentha kusamalumphe.

A Jofilisi, Nsanje:
Ana anga, za masamu mwatha, ine ndilankhulepo za dzina. Pa ntchito yathuyi maonekedwe achilendo sapatsidwa dzina mpaka atabereka ofanana nawo. Piebald yomweyi inkagwidwa m'tchire kumadzulo kwa Africa, koma inalowa m'gulu la mitundu yodalirika Peter Kahl ataiswetsa mu 1997, monganso Bob Clark anachitira ndi albino mu 1992. Kutchula mwachangu ndi kumene kunabweretsa chisokonezo cha banana ndi coral glow, maina awiri a chinthu chimodzi, ndipo mpaka lero ogula amafunsa kusiyana kwa lesser ndi butter. Kanuko mukalembe molingana ndi zimene mukudziwa, kaya pastel kapena wamba, 50% het piebald, muonjezere mawu akuti mawanga achilendo osatsimikizika, ndipo mukasunge mpaka katabereka. Ngakhale katadzatsimikizika, dzina la Mbona mulisiye. Mukudziwa nokha mmene a ku Khulubvi amailemekezera nsato, ndipo sindikuona mmene tingakafotokozere akuluakulu a kumeneko kuti dzina limenelo lalembedwa pa bokosi la pulasitiki pamodzi ndi mtengo wake.

A Zuze, Nchalo:
Zikomo, agogo, dzinalo ndalisiya. Ndakasisita kamwana kaja monga ananenera mayi, ndipo ndapeza kampindiko kakang'ono zala ziwiri kuchokera kumchira, choncho sindikagulitsa. Ena asanuwo ndawalemba 50% het piebald. Bambo Alufandika, mayiyo panopa ali pa magalamu 1,180 ndipo wadya kawiri chiikirireni, ndiye ndidzakuuzani akadzafika pa sikelo imene mwanena.