Mlongo wanga amachedwetsedwa pa zipata za apolisi: kodi lamulo likuti chiyani?

Mayi wa ku Bangula:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a pamsewu. Kwathu tinabadwa awiri, ndipo wonditsatira anabadwa wamkazi, koma kuyambira ali wamng'ono amadziona kuti ndi mwamuna, amavala ndi kukhala ngati mwamuna, mwakuti ine amene kale ndinkamutchula kuti mng'ono wanga, lero ndimati mlongo wanga. Iyeyu amayendetsa kagalimoto konyamula nsomba za ku Elephant Marsh kupita nazo ku Blantyre. Mwezi watha anamuimitsa pa chipata china, ndipo wapolisi ataona kuti dzina ndi chithunzi cha pa laisensi ndi za mkazi pamene woyendetsayo akuoneka mwamuna, anaitana anzake nayamba kumufunsa kuti iye ndi ndani kwenikweni. Anamusunga padzuwa nthawi yaitali, ndipo inu mukudziwa mmene kutentha kwa kuno kumachitira ndi nsomba zaziwisi. Kodi wapolisi ali ndi mphamvu zofunsa zimenezi, ndipo mlongo wangayu aziyankha bwanji?

Dalaivala wa ku Nchalo:
Achemwali, ine ndakhala ndikukwera ndi kutsika zitunda za Chikwawa kwa zaka zambiri, ndipo chimene wapolisi wa pamsewu amayenera kuona ndi laisensi, inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), matayala, magetsi ndi kuchuluka kwa katundu. Akakayikira ngati laisensiyo ndi ya munthu amene wagwira chiwongolero, ali ndi chifukwa chofunsira, pakuti alipodi anthu oyendera mapepala a abale awo. Choncho mlongo wanuyo aziyenda ndi chitupa cha unzika pamodzi ndi laisensi kuti mayina azigwirizana, ndipo pokakonzetsanso laisensi ku Road Traffic apemphe kuti amujambule monga akuonekera masiku ano. Akamuimitsa azimitse injini, apereke moni kwa bwanayo, ayankhe mwachidule kuti mapepalawo ndi ake, osakweza mawu. Akamupeza ndi mlandu wa pamsewu alipire chindapusa ndi kulandira lisiti. Ya fanta asayiyambe, chifukwa wapolisi akamuzolowera amamudikira tsiku lililonse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu:
Mwana wanga, ife achikulire tikukumbukira lamulo la kavalidwe la mu 1973 limene linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi. Lamulo limenelo linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, kotero munthu wobadwa wamkazi kuvala buluku ndi kumeta tsitsi si mlandu. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 19, amateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, komanso aonekere kubwalo lamilandu pasanathe maola 48. Kunena za chilankhulo si nkhani yachabe kuno kumene ambiri amamasuka m'Chisena kapena Chimang'anja. Chimene ndikuopa kwambiri ndi chipikisheni cha m'thupi. Lamulo limati mkazi apikisidwe ndi mkazi mnzake mwaulemu, ndipo popeza mapepala ake akusonyeza kuti ndi wamkazi, angathe kukana kugwidwagwidwa ndi apolisi aamuna. Kuvula munthu pamsewu kuti aone chibadwidwe chake si ntchito imene wapolisi anapatsidwa.

Mnzanu wa ku Dyeratu:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndionjezere chenjezo limene sanalitchule. Mu June 2024 bwalo loona za malamulo aakulu linagamula kuti magawo a Penal Code (malamulo a milandu ndi zilango zake) oletsa kugonana kwa amuna okhaokha akhalebe. Palinso gawo 137A lokhudza akazi okhaokha. Malamulo amenewa amanena za zochita, osati za maonekedwe a munthu, komabe wapolisi wofuna kuopseza akhoza kutembenuzira mafunso kumeneko. Mlongo wanuyo asayankhe za amene amakhala naye, ndipo asapereke foni yake kuti aione pongofuna kusangalatsa bwana. Afunse modekha ngati wamangidwa kapena ali womasuka kupitiriza ulendo, kenaka akachoka alembe tsiku, nthawi, malo ndi dzina kapena nambala ya wapolisiyo. Madandaulo otere amapita kwa mkulu wa polisi ya deralo, ku Independent Complaints Commission imene imafufuza zolakwa za apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo akamangidwa a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya.

Mayi wa ku Bangula:
Zikomo nonse, makamaka inu bambo aphunzitsi. Chithunzi cha pa laisensi yake ndi chakale ndithu, akadali ndi tsitsi loluka, ndipo laisensiyo ikutha chaka chamawa. Ndamuuza kuti Lolemba akadzatsitsa nsomba ku Limbe akafunse ngati angamujambule nthawiyo isanakwane.