Mbuna za m'thanki ya ku ofesi zikutupa mimba

A Mbewe, Area 25 (Lolemba m'mawa)

Akuluakulu anzanga pa ntchitoyi, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo. Ndimasamalira thanki ya malita 400 pa ofesi ina ku City Centre, ndipo ndimapitako kawiri pa sabata. Muli mbuna 18, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi tija, zambiri ndi za mtundu wa Labeotropheus ndi zamizeremizere zija timazitcha zebra, komanso Aulonocara zinayi, mtundu wina wa nsomba za m'nyanja yomweyo, zomwe eni ake anaumirira kuti zilowemo chifukwa cha kukongola kwake. Kwa chaka chathunthu ndinkazipatsa ma flakes a spirulina, chakudya chouma chokhala ndi mtundu wina wa ndere, koma m'mwezi wa Meyi chakudyachi chinasowa komwe ndimagula, ogulitsa akuti katundu sakubwera kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja. Ndinayamba kuzipatsa mapeleti a chambo cha m'madamu, ndipo pofuna kuti zisafooke ndinkasinja usipa wouma n'kusakanizamo. Pasanathe masabata asanu nsomba zitatu zafa. Zimayamba ndi kutola chakudya n'kuchilavula, kenaka zimabisala kuseri kwa miyala, chimbudzi chake chimakhala choyera chonga ulusi, ndipo pomaliza mimba imatupa. Lero ndapeza zina ziwiri zayamba zomwezo, pomwe Aulonocara zonse zili bwinobwino. Kodi ndalakwitsa pa chakudya, kapena pali china chomwe sindikuchiona?

Mayi Nambewe, Area 47

Pepani kwambiri a Mbewe. Zizindikiro zomwe mwatchulazi ndi za matenda omwe oweta nsomba kunjaku amawatcha Malawi bloat, dzina lomwe linabwera chifukwa choti amakonda kugwira nsomba za m'nyanja yathuyi zikakhala m'matanki. Ndikuona kuti yankho mwalinena kale nokha pomwe mwati Aulonocara sizikudwala.

Aliyense amene anamirapo ndi galasi pa miyala ya ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay anaona mbuna zikupala ndere tsiku lonse, pang'onopang'ono, osalekeza. Labeotropheus ili ndi kamwa loyang'ana pansi ndi mphuno yonenepa yolendewera, zomwe zimaithandiza kumwetula ndere pamwala italambalala. Nsomba yodya motere imakhala ndi matumbo aatali opyapyala, oyenera chakudya cha masamba chomwe chimayenda mwapang'onopang'ono. Mukaipatsa usipa, womwe ndi chakudya cha ncheni ndi kampango, mwailowetsera mafuta ndi zomanga thupi zochuluka zomwe matumbo akewo sangazigaye msanga, ndipo tizilombo tomwe timakhala m'matumbomo mosavutitsa timapeza mpata woswana. Aulonocara imasaka tizilombo tating'ono mumchenga, n'chifukwa chake usipawo sukuipweteka. Mapeleti a m'madamu nawo anapangidwa kuti chambo chinenepe msanga chikagulitsidwe, osati kuti nsomba ikhale zaka zisanu kapena kuposerapo m'galasi. Lekani kudyetsa thanki yonseyo kwa masiku atatu kuyambira lero.

A Chirwa, Kawale

Zomwe anena mayi Nambewe ndi zoona, koma ndikupempha kuti tisathamangire kuweruza usipa wokha. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito yolongedza nsombazi ku Salima zisanatumizidwe kunja, ndipo ndinaona mbuna zikudya zosayenera kwa nthawi ndithu osadwala, malinga madzi ali abwino. Matendawa amabwera chakudya cholakwika chikakumana ndi nsomba yomwe yafooka kale. Tsono a Mbewe, ndiyankheni zinthu zitatu izi. Madzi akutentha madigiri angati m'mawa? Tili mu Juni, ndipo Lilongwe si Nkhata Bay. Usiku kuno kumazizira kwambiri, pomwe madzi a m'nyanja momwe mbuna zimakhala satsika kawirikawiri pansi pa madigiri 23 kapena 24. Nsomba ikazizidwa imagaya chakudya mochedwa. Chachiwiri, magetsi akazima pa ofesipo, fyuluta ndi pampu ya mpweya zimalumikizidwa ku jenereta? Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, inu mumapitako kawiri pa sabata, nanga masiku enawo amadyetsa ndani?

Pa za kusala kudya musachite mantha. Ife tinkazisiya masiku angapo osadya tisanaziike m'mapulasitiki kuti zisaipitse madzi paulendo, ndipo mbuna yaikazi ikafungatira mazira m'kamwa imatha pafupifupi masabata atatu osadya kanthu.

A Mbewe (Lolemba madzulo)

Bambo Chirwa, mwalasa. Ndabwererako masana ndi choyezera kutentha, ndipo chawerenga madigiri 20. Hita inafa, kanyali kake kakuyaka ndithu koma sikutenthetsa, ndipo ine sindinaiyese chiyambire chisanu. Limeneli ndi vuto langa ndipo ndalivomera pamaso pa eni ake. Nditatsegula fyuluta ndapeza thonje lake litadzaza nyenyeswa za buledi ndi zina zonga nsima. Nditafunsa modekha, ndamva kuti mayi wolandira alendo amadyetsa m'mawa monga tinapanganirana, mesenjala amawonjezera masana poona kuti nsomba zikumuthamangira, ndipo alonda ausiku amazigawirako zomwe akudya. Onsewa amachita mwachifundo, akuti nsombazo zimaoneka zanjala. Jenereta imayatsa makompyuta ndi magetsi a m'makonde okha, thanki siinalumikizidweko.

A Chirwa

Ndiye kuti nsombazo zimadya katatu kapena kanayi patsiku m'madzi ozizira, ndipo fyuluta imaima maola angapo zotsala zikuwola. Mbuna imathamangira munthu aliyense ngakhale itakhuta, ndiwo mkhalidwe wake, ndipo anthu a pa ofesipo muwafotokozere zimenezi mwaulemu chifukwa ndi omwe amakhala nazo tsiku lonse. Mugule hita ina mawa, koma kutentha mukweze ndi digiri imodzi kapena awiri patsiku mpaka kufika pa 25 kapena 26, osati kamodzin'kamodzi. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, mukoke ndi paipi zinyalala zonse za pansi pa miyala, ndipo madzi olowetsamo akhale ochotsedwa klorini ndi ofunda mofanana ndi a m'thankimo. Thonje la fyuluta mulitsukire m'madzi omwe mwachotsawo, osati a pampopi, kuti mabakiteriya osintha amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, asafe. Ziwiri zodwalazo zipatuleni mu thanki ina. Mankhwala omwe amathandiza ndi metronidazole, koma mlingo wake mukaufunse kwa dokotala wa ziweto mutamuuza malita a thanki yopatulirayo, ndipo makala a mu fyuluta muwachotse chifukwa amayamwa mankhwala. Yomwe yatupa kale kwambiri musaiyembekezere kwenikweni.

A Kalua, Area 36

Zikomo akuluakulu, ine ndangoyamba kumene ntchitoyi ndipo ndikuphunzira zambiri. Popeza spirulina akusowa, kodi madeya sangathandize, poti alimi a m'madamu amadyetsa omwewo? Ndinamvanso kuti ngumbi ndi mphutsi za udzudzu zimawalitsa mtundu wa nsomba.

Mayi Nambewe

Achimwene a Kalua, madeya amayenda bwino m'damu chifukwa damu ndi lalikulu, ndipo otsala amasanduka manyowa omeretsa chakudya china cha nsomba. M'galasi amangodetsa madzi n'kutseka fyuluta, komanso akasungidwa ponyowa amachita chuku chomwe chimawononga chiwindi cha nsomba. Ngumbi zili ndi mafuta ambiri, ndipo kwa mbuna zingabweretse vuto lomweli tikukambali. Mphutsi za udzudzu zimadyedwa ndi nsomba zambiri, koma ine sindingalimbikitse munthu kusunga madzi oswetsera udzudzu pakhomo m'dziko la malungo ngati lathu lino.

Ndikuuzeni chomwe ine ndimapanga kuyambira pomwe katundu anayamba kuvuta. Ndimawiritsa nsawawa mpaka zitafewa n'kuzichotsa timakoko, ndimafutsa pang'ono masamba a nkhwani kapena mpiru nditawatsuka kambirimbiri poopa mankhwala a kumunda, kenaka ndimapera zonse pamodzi ndi kasupuni ka ufa wa chammwamba. Usipa ndimaikamo, inde, koma wochepa kwambiri, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi, wopanda mchere ndi wosanunkha mafuta akale, chifukwa ngakhale m'nyanja mbuna imameza tizilombo tomwe timakhala mu ndere. Ndimasungunula jelatini wopanda shuga m'madzi otentha, kusakaniza, kuyala mopyapyala m'kapepala ka pulasitiki n'kuika mu firiza. Ndimapanga zokwana masabata awiri okha, chifukwa magetsi akazima nthawi yaitali chakudyachi chimasungunuka n'kuwonongeka. Kawiri pa sabata ndimamangirira kagawo ka nkhaka pamwala, n'kukachotsa pakatha maola ochepa.

Pa ofesi chakudya cha mu firiza n'chovuta, choncho a Mbewe mungachidyetse nokha masiku omwe mumapitako. Ndili ndi kabotolo kamodzi ka ma flakes a spirulina kosatsegula komwe ndingakubwerekeni ka masiku enawo.

A Chirwa

Ine ndikanakonda Aulonocara zichoke, chifukwa nsomba zodya mosiyana siziyenera kudyera pamodzi, ndiponso mbuna zimazilanda chilichonse chisanafike pansi.

A Mbewe

Ndayesa kunena zimenezo, koma bwana wa pa ofesipo wakana, akuti ndi zomwe alendo amaziyamikira kwambiri.

Mayi Nambewe

Ngati zili choncho, thanki yonse idyetsedwe motsatira mimba ya mbuna. Aulonocara ikadya za masamba zokhala ndi nsomba pang'ono imakula mochedwerapo koma siifa, pomwe mbuna ikadya za Aulonocara imatha kufa. Mukapeza mazira a artemia, tizilombo tating'ono ta m'madzi amchere todyetsa nsomba, muziwaswetsa m'madzi amchere okhala ndi mpweya, amaswa pakatha tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo muziwathira ndi kapaipi pafupi ndi mchenga kamodzi pa sabata mbuna zikutanganidwa ndi nkhaka mbali ina. Botolo la chakudya lisakhalenso pamwamba pa thanki. Muyeze nokha mlingo womwe nsomba zimamaliza pa mphindi imodzi, muuike m'timapepala tija amaikamo mankhwala kuchipatala, mulembe tsiku pa kalikonse, ndipo mupatse munthu mmodzi yekha. La Lamulungu lisakhalepo.

A Mbewe (patatha masiku khumi)

Ndabwera kudzapereka lipoti. Mwa ziwiri zomwe ndinapatula, yotupa kwambiri ija inafa tsiku lachitatu monga ananenera bambo Chirwa, koma inayo yayamba kudya nsawawa ndipo chimbudzi chake chabwerera mtundu wobiriwira. M'thanki yaikulu palibe ina yomwe yadwala, madzi akhazikika pa madigiri 25, ndipo pampu ya mpweya ndi fyuluta tazilumikiza ku jenereta. Timapepala ta chakudya tili m'manja mwa mayi wolandira alendo, ndipo alonda, nditawaonetsa zomwe ndinatulutsa mu fyuluta, ndi omwe tsopano akuletsa ena. Ndasiyanso kukwecha ndere pa miyala ndi pa galasi lakumbuyo kuti nsomba zizipala masana. Bwana wadandaula kale kuti miyala ikuoneka yakuda, ndipo ndapangana naye kuti tikumane Lachinayi ndikamufotokozere. Mayi Nambewe, kabotolo kanu ndidzakabweza katundu akangofika. Pakali pano ndiuzeni komwe mumagula jelatini wopanda shuga, chifukwa m'sitolo ziwiri za ku Old Town ndangopeza wa jeli wa ana.