Thandizeni abale: bambo anga akwera nawo bwanji ndege makina awo a CPAP?

Moni nonse a m'gulu muno. Funso langa likupita kwa amene munayendapo pandege ndi makina opumira usiku, kapena amene makolo anu amawagwiritsa ntchito.

Bambo anga akupita ku London mwezi wamawa kukaona achimwene anga ndi adzukulu, ndipo akuyenda okha. Akwerera ku KIA ku Lilongwe, akasintha ndege ku Addis Ababa, kenako usiku wonse mpaka ku Heathrow. Ali ndi matenda aja amati sleep apnea. Kwa amene simuwadziwa, munthu akagona njira ya mpweya kukhosi imatsekeka, amasiya kupuma kwa kanthawi, kenako amadzidzimuka ngati wabanika n'kuyambiranso kuliza mkonono. Zimachitika kambirimbiri usiku umodzi mwini wake osadziwa. Mayi ndi amene ankakhala maso kudikira kuti mpweyawo ubwerere. Masana bambo ankasinza paliponse, m'tchalitchi, pakati pa nkhani, BP nayo osatsika. Atawayeza anawalembera CPAP, ndipo achimwene anagula ya ResMed AirSense 10. Amavala masiki pamphuno, paipi imachokera ku makinawo, ndipo makinawo amakankha mpweya mosalekeza kuti kukhosi kusatsekeke. Chiyambireni munthu anasinthiratu. Ndiye mumvetse chifukwa chake ndikuda nkhawa chonchi.

Tikiti ndi ya Ethiopian Airlines, ndipo katundu wa m'manja ndi chikwama chimodzi cha 7kg. Makinawo ali ndi kachikwama kakekake momwe mumalowa masiki, paipi, chingwe cha magetsi ndi kathanki ka madzi. Ejenti amene anatigulira tikiti akuti chikwama ndi chikwama basi, tiwaike m'sutikesi yaikulu. Achimwene akuti ayi, zida zachipatala siziwerengedwa. Woona ndani? Sindikufuna bambo akakanganitsidwe pa kauntala, si munthu wolimbana ndi anthu. Akangowauza kuti siyani, asiya.

Chinanso ndi batire. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kuno tinawagulira power station yoti makina azigwirabe ntchito usiku. Iwo akuumirira kuti apita nayo. Kodi imaloledwa? Nanga m'ndegemo angawayatse makinawo akafuna kugona?

Mayi wina wa ku Leeds:
Achemwali, choyamba chenicheni: makinawo asalowe m'sutikesi. Ndimagwiritsa ntchito CPAP inenso. Sutikesi imaponyedwa, nthawi zina imatsalira pobwalo posinthira ndege n'kudzafika patapita masiku. Zovala mutha kubwereka, koma makina amenewa anawatchera mogwirizana ndi mpweya umene dokotala analembera bambowo, simungangotenga a munthu wina.

Pa za kuwerengedwa, achimwene anu akunena zoona koma osati paliponse. Ku America lamulo la Air Carrier Access Act limanena mosabisa kuti zida zotere siziwerengedwa pa katundu wa m'manja, ndipo limakhudzanso ndege za mayiko ena zikamalowa kapena kutuluka m'dzikolo. Kuno ku Britain tinasunga lamulo la ku Ulaya, nambala 1107/2006, lomwe limauza makampani a ndege kuti anyamule zida zachipatala popanda kulipiritsa. Koma ponyamuka ku Lilongwe pa ndege ya kampani yomwe si ya ku Britain kapena ku Ulaya, lamulolo silikuwateteza. Liwateteza pobwerera, ponyamuka ku Heathrow. Popita mukudalira malamulo a kampaniyo. Makampani ambiri amalola, koma musakhutire ndi zapakamwa. Alembereni imelo, tchulani nambala ya tikiti ndi dzina la makina, yankho lawo mulisindikize papepala.

Bambo wina wa ku Area 25:
Ine ndinaika anga m'sutikesi popita ku Johannesburg, ndinakulunga ndi juzi, anafika bwinobwino. Musadzivute kwambiri mayi.

Mayi wa ku Leeds:
Bambo, munachita mwayi, ndipo ulendo wanuwo ndi waufupi. Awa akusintha ndege, ndiponso ndi munthu wamkulu wa BP. Sindingawalangize zimenezo.

Achimwene a ku Randburg:
Ine ndiyankhe za batire poti ndi ntchito yanga. Tembenuzani power station yanuyo, muone pomwe palembedwa Wh, womwe ndi muyeso wa mphamvu imene batire imasunga. Malamulo a mabatire a lithium ndi ofanana pafupifupi pa ndege zonse. Yosapitirira 100Wh imakwera popanda vuto. Kuyambira pamenepo mpaka 160Wh pamafunika chilolezo cha kampani, ndipo mabatire apadera amalola awiri okha. Yopitirira 160Wh siikwera, kaya m'manja kaya m'sutikesi. Ngati sipanalembedwe Wh, chulukitsani ma V ndi ma Ah: ya 12V 20Ah ndi 240Wh, imeneyo yatsala kale. Ma power station ambiri amene anthu akugula chifukwa cha magetsi ndi aakulu kuposa malirewo. Ndipo batire iliyonse yapadera, ngakhale power bank ya foni, imayenda m'manja, osati m'sutikesi, chifukwa ikayaka kunsi kuja palibe woizimitsa msanga.

Koma kunena zoona ku London saifuna. Pa chingwe cha ResMed palembedwa 100-240V, ndipo pulagi ya ku Britain ndi yomweyi ya kwathu ya mano atatu afulati. Angosomeka. Akanakhala akubwera kuno ku Joni mpamene ndikanati mugule adaputa, poti kuno masoketi ambiri ndi a mano ozungulira.

Wolemba funso:
Zikomo kwambiri achimwene. Ndayang'ana pompano, palembedwa 300Wh. Ndiye itsala, ngakhale ndikudziwa kuti kuwauza bambo pakhala ntchito. Amaikonda kuposa foni yawo.

Namwino wina wa ku Manchester:
Moni achemwali. Za kuyatsa makina m'ndege zimatheka, koma zimafuna kukonzekera. Makampani ambiri amafuna kuwadziwitsa kudakali maola osachepera 48, ndipo ambiri safuna kuti mudalire soketi ya pampando chifukwa magetsi ake amatha kuzimitsidwa nthawi iliyonse. Amafuna batire yakeyake yokwanira ulendo wonse n'kutsalako. Ku America amati ikwane nthawi ya ulendo kuwonjeza theka lake. ResMed ili ndi kalata pa webusaiti yawo yosonyeza kuti makinawo ndi ovomerezeka m'ndege, isindikizeni. Buku la makinawo limanenanso kuti m'ndege kathanki kasakhale ndi madzi, poti ndege ikagwedezeka madziwo atha kulowa m'paipi munthu n'kuwakoka ndi mpweya, komanso muwaike pa airplane mode.

Langizo langa, asananyamuke mupite nawo kwa dokotala wawo mukafunse ngati angakhale usiku umodziwo popanda makina, atakhala tsonga pampando. Yankho limadalira kukula kwa vuto lawo, ndiye ife pano sitinganene. Akavomera dokotala, mwapulumuka pa zogula batire yodula. Chomwe ndinganene motsimikiza n'chakuti asamwe mowa kapena mapiritsi ogonetsa m'ndegemo. Zinthu ziwirizi zimafooketsa minofu ya kukhosi, kubanika kuja kumakula. Tsiku lopita kwa dokotalalo mupemphe kalata yachingerezi yofotokoza matendawo, dzina la makina, ndi mlingo wa mpweya umene anawatchera. Kalatayo idzathandizanso makinawo akadzavuta ali kuno. Mankhwala a BP nawo akhale m'manja, m'mapaketi ake.

Mtsikana wina wa ku Zomba:
Kuwonjezera pang'ono, agogo anga ndinawaperekezapo. Pa sekyulite amatha kunena kuti makinawo atuluke m'chikwama adutse paokha pa sikana, ngati laputopu. Mathileyi aja mumaikidwa nsapato ndi malamba a anthu, ndiye ife makinawo tinawaika m'pulasitiki yoonekera mkati, masiki ndi paipi tinazisiya m'chikwama. Ku Addis Ababa adzasechedwanso asanakwere ndege yachiwiri, muwauziretu asadzadabwe. Kathanki mukakhuthule ndi kukaumitsa m'mawa wonyamukawo, madzi akalowa m'mota makina amawonongeka. Madzi a m'kathanki aja amati distilled water musavutike kunyamula, achimwene anu akagule konko.

Bambo wina wa ku Lusaka:
Chenjezo limodzi. M'kachikwama ka makinawo musaikemo china chilichonse. Ine pabwalo lina la ndege anatsegula n'kupezamo tchaja ya foni ndi paketi ya mtedza, pomwepo anati ichi tsopano ndi chikwama wamba, chiwerengedwa. Ndinatsala pang'ono kulipira. Ndipo ndege ikadzaza amayamba kutolera zikwama pakhomo kuti zipite kunsi. Bambowo adzangonena kuti ndi medical equipment, aonetse pepala, achiike pansi pa mpando wa kutsogolo kwawo.

Wolemba funso:
Abale, Mulungu akudalitseni nonse. Imelo ndalemba kale usiku uno, Lachinayi tikupita kwa dokotala. Mapepala onse ndiwaika m'kathumba kakunja kwa chikwamacho, ndipo ndilemba mawu awiri aja pakapepala ndi zilembo zazikulu kuti bambo asachite kufotokoza zambiri. Koma mayi a ku Leeds, ngati kampaniyo siiyankha imelo mpaka tsiku litayandikira, nditani?

Mayi wa ku Leeds:
Mupite nokha ku ofesi yawo ku Lilongwe ndi tikiti ndi kalata ya dokotala, muwapemphe alembe za CPAP mu booking ya bambowo, pa maulendo onse, kupita ndi kubwerera. Akatero asindikize, kuti wa pa kauntala akangotsegula kompyuta aziona yekha. Tsiku lonyamuka mufike molawirira, musachoke pabwalo mpaka mutawaona adutsa nacho chikwamacho.